Lalanje la Bambo Vagn

M'nyumba ya a Vagn Thrane, kuseri kwa chilumba cha Havrø kumene mphepo imafika isanapume, matchanelo a kanema analibe mayina. Anali ndi nkhope basi. Chiwagwetsereni sitiroko, zilembo zinawathawa mkuluyo. Ankaziona bwinobwino, koma zinkangoima pamaso pawo ngati alendo a pamaliro, osadziwika kuti ndi ana a yani. Manambala nawonso anapita ulendo womwewo. Zimene zinatsala ndi mitundu ndi zithunzi. Motero tchanelo ya nkhani za dziko lonse inali Chofiira, ya mpira inali Makwerero, ya Ajeremani yogulitsa mapoto tsiku lonse inali Mabodza. Ndipo ya m'chigawo chawo, imene inkanena za mphepo ya panyanja ndi kutchula amene wamwalira, inali Lalanje, chifukwa chizindikiro chake chinali kampira kofiirira ngati lalanje lakupsa.

Amene anakonza kuti zizindikirozo zizioneka zikuluzikulu anali mwana wawo woyamba, Asger, ndipo pa chimenechi tisamuchitire kaduka, anagwira ntchito. Anabwerera pachilumbapo mu Epulo, atatha zaka makumi atatu ndi zinayi ku Winnipeg, mzinda umene nyanja yamchere amangoimva m'nkhani. Kumeneko anamerera imvi pa ntchito ya mawaya ndi makompyuta. Anakwatira, banja linatha, ndipo atamva kuti bambo ake agwa m'khitchini, anatseka chitseko n'kukwera ndege. Sabata yoyamba yomweyo anaona mkuluyo akulimbana ndi limoti, akudina manambala amene sankawazindikiranso. Anagula kakompyuta kakang'ono ngati buku n'kukaika m'kabati ya pansi pa masitepe, pakati pa nsapato za mphira ndi zingwe zakale. Kameneka ndiko kanali seva: kankakoka matchanelo onse ku mlongoti wa padenga n'kuwatumiza ku kanema wa pabalaza. Tchanelo iliyonse anaipatsa chizindikiro chake, zonse makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, zitandanda pagalasi ngati masitampa. A Vagn ankangoyendetsa chala cha kumanzere, chimene chinatsala ndi mphamvu, mpaka pa Lalanje, n'kudina.

"Kani achimwene, zaka zonsezi simunkangochotsa chipale chofewa ndi fosholo ayi," anatero Gunver, mlongo wake wamng'ono, namwino wa pachipatala cha kumtunda, kutsidya kwa madzi, amene pachilumbapo sanachokepo. Kwa Gunver kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.

Koma munthu wobwerera kwawo atachedwa amanyamula katundu wina amene ofufuza zikwama pabwalo la ndege samuona. Amanyamula mudzi wonse m'mutu, monga momwe anausiyira, ndipo akafika amayamba kuuitanitsa kwa anthu amene alibe naye mlandu. Asger anapeza kuti nyumba yophikira buledi, imene fungo lake linkamudzutsa ali mwana, tsopano amagonamo alendo a m'chilimwe. Sukulu inasanduka malo ogulitsira makandulo onunkhira. Tsiku lina m'sitolo anapempha buledi wakuda m'chilankhulo cha makolo ake, ndipo mtsikana wogulitsa, atamva lilime lake lochita dzimbiri, anamuyankha mokoma mtima m'Chingerezi. Anatuluka buledi ali m'khwapa, mtima uli m'nsapato. Anali munthu wowerenga mabuku ambiri, ndipo ankadziwa bwino kuti anthu onse obwerera m'mabukumo amapeza galu atakalamba ndi zitseko zitasintha maloko. Koma kudziwa matenda si kuchira.

Chimene chinamukwiyitsa koposa, mwina chifukwa chinali chokhacho chimene akanatha kuchigwira ndi manja, chinali zizindikiro za matchanelo. Zonse zinali zosalala, zozungulira, zowala ngati mapiritsi. Iye ankakumbukira zina. Ankakumbukira makamaka cha kanema wa m'chigawo: mbalame yoyera ya kunyanja itatambasula mapiko pamwamba pa mafunde atatu. Inkaoneka madzulo, amayi ake akusenda mbatatesi, bambo ake akuvula nsapato pakhomo, nyumba yonse ikununkha dizilo ndi khofi. Ku Winnipeg, chisanu chikamaluma mafupa, ankatseka maso n'kuiona mbalameyo.

Ndiye tsiku lina kudenga anapeza makatoni a magazini akale a ndandanda ya kanema, amene amayi ake anawasunga osadziwika chifukwa. Mbalame ija inalimo, tsamba ndi tsamba. Anapezanso matepi akale, n'kuwasamutsira mu seva: gule wa pachikondwerero cha doko, mipikisano ya mabwato, nkhope za anthu amene tsopano mayina awo ali pamiyala kuseri kwa tchalitchi. Pagalasi la kanema, podinapo kuti ulowe ku mafilimu amenewo, anaikapo mbalame yoyera ija. Madzulo ankakoka mpando n'kuwaonetsa bambo ake.

"Onani Bambo, si a Holger awo? Onani tsitsi!"

A Vagn ankayang'ana pang'ono, kenako n'kutembenuzira mutu kuzenera. Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono, ngati ngolo yolemera pamchenga. "Chotsa... akufa akowa. Ika Lalanje. Ndimve za mphepo."

"Mphepo mukufuna kupita nayo kuti?"

"Ikupita yokha. Ndingofuna ndidziwe."

Asger anaganiza kuti ndi matenda akuyankhula. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu angakane bwanji zakale? Zakale si ndiwo mudzi wa nkhalamba?

Kumayambiriro kwa Seputembala kunabwera a Ejner, amene anakalambira m'chipinda cha injini ya sitima yomweyo imene a Vagn anagwirako ntchito ya zingwe kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sitimayo dzina lake inali Dagmar, ndipo ndiyo inkalumikiza chilumbacho ndi kumtunda chiyambire Asger asanabadwe.

"Odi kuno kumanda!" anakuwa a Ejner ali pakhomo. "Iwe Vagn, ukadapuma? Ndabwera kudzayeza jekete lako lija. Amati akufa samva chisanu."

"Lingakukwane... ndi mimba imeneyo?"

"Mimba iyi ndi ulemu, mphwanga. Tamvera. Dagmar akuipumitsa. Abweretsa yamagetsi, yoyenda mwakachetechete ngati mfiti. Ulendo womaliza ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala, 2 koloko masana, ndipo a Lalanje lako lija aonetsa zonse pompopompo. Ife otsala tonse tikakwera. Tikakunyamula."

A Vagn anapukusa mutu. Sankafuna kuti doko lonse liwaone akukankhidwa panjinga ya olumala, kukamwa kutapendekera mbali imodzi, amayi a kutchalitchi akuwasisita phewa. Pamenepo a Ejner anatulutsa chimene anabwerera. Kaputeni anali atavomera kale: a Ejner aimba foni, foniyo aiyandikiza pa zokuzira mawu za sitima, ndipo a Vagn, ali pampando wawo womwewo, anena mawu amene ankanena ulendo uliwonse sitima isanasunthe. Zingwe zamasuka. Akanena iwo, Dagmar inyamuka komaliza.

Mkuluyo anakweza chala.

"Koma ndione. Sindinanenepo... ndisanaone chingwe chitachoka pachitsulo. Wonena asanaone amadula mwendo wa munthu."

"Uona pa kanema, chitsiru iwe. Ndiwauza ojambulawo aloze pachingwe, asaloze pa ine, ngakhale wokongola ndine."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munali sukulu. M'mawa uliwonse, akamwa khofi, a Vagn ankayang'ana kuzenera n'kumayeserera mawu awiriwo. Loyamba linkatuluka. Lachiwiri linkakodwa pakati, lilime n'kugwa ngati ng'ombe yoterereka m'matope. Ankapukuta pakamwa n'kuyambiranso. Sabata yachitatu linatuluka lathunthu koma lofooka. Sabata yachisanu makapu a m'kabati analira, ndipo Gunver, amene ankatsuka mbale, anatembenukira kukhoma kuti asamuone maso.

Asger nayenso anali pa ntchito yake. Anaganiza zopatsa bambo ake mphatso: tsiku la ulendo womaliza, kanema yense aoneke monga ankaonekera Dagmar ili namwali. Anayala magazini pathebulo la m'khitchini, n'kumajambula chizindikiro chimodzichimodzi ndi makina. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wodekha. Kachithunzi kalikonse kamafuna kukula kofanana ndi kanzake, kumbuyo kwake kuchotsedwe utoto wonse kuti kasaoneke ngati chigamba, ndipo dzina lake lifanane ndendende ndi mzere wautali wa manambala umene seva imadziwira tchanelo. Ukaphonya nambala imodzi, pamangotsala kabokosi kopanda kanthu. Pa unyamata wake matchanelo anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, choncho ambiri a lero analibe zakale zoti n'kufukula. Amenewo anawapekera yekha zizindikiro zooneka zachikale, zotuwa ndi zodera, kuti asachititse manyazi anzawo. Anakonzanso zoti asinthe ndandanda, kuti matchanelo akale akhale patsogolo monga akulu pabwalo.

Gunver anamupeza Lachinayi, atazunguliridwa ndi mapepala achikasu.

"Achimwene, mwatsegula nyumba yosungira zakale? Polowa tizilipira?"

"Taona ichi. Ukuikumbukira?"

"Mbalame. Ee. Ndiye?"

"Ibwerera pamalo pake Loweruka. Chilalanje chijachi ndi chizindikiro kapena piritsi la chifuwa?"

Gunver anaika chikwama pansi. "Lalanje musalikhudze."

"Bambo anakula ndi mbalame imeneyi."

"Amene anakula ndi mbalame ndinu. Bambo anali atakula kale. Mwawafunsa?"

"Mphatso safunsa."

"Achimwene, ine ndimasamala anthu a matenda amenewa tsiku ndi tsiku. Kapu ukaisuntha pathebulo, munthu amagona ndi ludzu. Chitani masewera anuwa Lamlungu."

"Lamlungu Dagmar ikhala itapita. Iwe sungamve, sunachokepo."

"Ee, sindinachokepo," anatero Gunver, akutola chikwama chake. "Wina amayenera kutsala kuti ochoka adzapeze woti azimuuza kuti sangamve."

Asger anaseka kuti nkhani ithe, ndipo mlongo wakeyo anatenga kusekako ngati kugonja. Analakwitsa. Loweruka Gunver anali pa ntchito kumtunda, ndipo anakonza zodzabwerera ndi Dagmar yomweyo. A Vagn ndiwo analamula kuti Asger akakwere. "Pakhale... wa kwa Thrane mmodzi pasitimapo," anatero. Atadya chamasana anagona pampando monga mwa nthawi zonse, wotchi itatcheredwa kuti iwadzutse nthawi ikadalipo.

Asger anagwada m'kabati ya pansi pa masitepe. Anachotsa zizindikiro zatsopano n'kulowetsa zake. Poyamba seva inakana: inkaonetsabe zimene inazolowera, chifukwa makina amenewa amasunga zithunzi m'mutu kuti asamavutike kuzifuna. Anachita kuifufutira zonse zimene inkakumbukira, n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso. Pamenepo galasi linadzaza ndi dziko lake. Mbalame yoyera inali pamwamba kumanzere, mapiko ali tambasu, ndipo kuseri kwake tsopano kunali tchanelo ya m'chigawo. Anaima pabalazapo ngati mwana wa zaka khumi, akudikira kumva mpeni wa amayi ake pa mbatatesi.

Akanatha kusiya kanemayo atatsegula kale pa tchanelo yoyenera. Zinamudutsa m'maganizo. Koma akanatero, bambo ake sakanaona ndandanda yonseyo, ndipo mphatso imakoma pomasula. Anasiya zizindikiro zili ndanda pagalasi, anaika limoti ndi foni pafupi ndi dzanja lamanzere la mkuluyo, n'kutuluka monyang'ama.

Kudoko kunali chilumba chonse. Mbendera zinali petupetu, gulu la malipenga likuimba mosemphana ndi mphepo, utsi wa masoseji ukulowa m'maso. Asger anakwera n'kukaima pafupi ndi chumuni. Injini itadzuka, kugunda kwake kunakwera m'zitsulo, kulowa m'mapazi, mpaka m'chifuwa. Kugunda kumeneko ndiko kunamuperekeza tsiku limene ankachoka, ndipo anakufunafuna m'mabasi ndi m'masitima a dziko la eni osakupeza. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, anamva kuti wafika.

Nkhalamba zisanu ndi ziwiri zinandanda kutsogolo, zipewa zili m'manja. Wojambula analoza kamera pachingwe. Anyamata a padoko anachivula pachitsulo, choyamba, kenako chachiwiri, ndipo zinagwera m'madzi kuti phava. Malipenga analeka. A Ejner anaimba foni n'kuigunditsa pa chokuzira mawu.

"Vagn! Ukutiona? Tavula zipewa, madazi akuzizira kuno. Nena tizipita!"

Doko lonse linamva kupuma kwa munthu, kolemera, kothamanga.

"Lalanje... palibe."

Anthu anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za nkhalamba ziwirizo.

"Ati chiyani?" anafunsa a Ejner, akuyang'ana anzawo.

"Palibe Lalanje. Sindikuona. Asger... Asger ali kuti?"

Kuseka kunazima ngati nyale. Asger anakankha anthu, anapunthwa pa benchi, n'kufika pa foni ija.

"Bambo, ndine. Dinani mbalame! Mbalame yoyera, pamwamba kumanzere!"

"Mbalame... ndi ya akufa ako aja."

"Ayi Bambo, lero ndi Lalanje lomwelo. Ndasintha ine. Ingodinani!"

"Palibe mbalame. Zilembo. Zilembo zokhazokha."

Pamenepo Asger anaona zonse ngati ali m'chipindamo. Mkuluyo anadzuka nthawi yabwino. Anafuna Lalanje pamalo pake, sanalipeze. Mbalame anaiona, koma anailambalala, pakuti masabata onsewa kuseri kwa mbalame kunkakhala mafilimu a anthu akufa. Anayenda mzere ndi mzere pakati pa zithunzi zotuwa zimene sanazionepo, nthawi ikutha, mpaka anadina batani lolakwika n'kugwera m'masamba a zokonzera makina, mmene mulibe chithunzi ngakhale chimodzi.

"Pali batani lili ndi muvi wokhota, Bambo. Pansi pa lozungulira lija."

"Onse... ndi ozungulira."

A Ejner analanda foniyo mofatsa. Mawu awo anali atasiya nthabwala. "Vagn, mnzanga. Zingwe zachoka. Ndaona ndi maso angawa. Ingonena."

"Waona iwe." Mawuwo anasweka pakati, ndipo zokuzira mawu zinakuza kuswekako mpaka kumapeto kwa doko. "Ine... sindinaone."

Kaputeni anadikira. Anali mayi wachifundo, ndipo anadikira kuposa mmene akanayenera, sitima yopanda zingwe ikukankhidwa ndi mphepo kulowera kukhoma la doko. Kenako anayang'ana a Ejner, a Ejner anachotsa foni pa chokuzira mawu, ndipo Dagmar inasuntha popanda wonena kanthu. Wina anakodola a malipenga kuti ayambe msanga.

Ulendo wa kumtunda ndi ola limodzi ndi mphindi khumi, ndipo pasitima palibe potsikira. Asger anaimba kunyumba kasanu, foni osayankhidwa. Anaimbira mayi woyandikana nawo nyumba, koma foni yake inalirira m'thumba pasitima pomwepo. Anakhala pabenchi, injini ikugunda pansi pa mapazi ake monga poyamba, kugunda komwe kuja, kosasintha ngakhale pang'ono. Tsopano kunkamuwerengera mphindi. Anthu ankamudutsa mwaulemu wa pachilumba, umene ndi kuyang'ana kumbali. A Ejner okha ndiwo anabwera ndi makapu awiri a khofi n'kukhala pambali pake. Sanamukalipire. Anapemerera khofi wawo nthawi yaitali.

"Tinkaimbirana ndi Vagn m'mawa uliwonse, iwe ukapita kusitolo," anatero. "Kuti ndimve ngati mawu awiri aja akumveka. Dzana ndinamuuza kuti wagonthetsa khutu langa labwino."

Gunver anakwera kumtunda, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete. Anaima patsogolo pa mchimwene wake, manja ali m'matumba.

"Ndamva pa kanema ndili m'wodi," anatero. "Ine ndi odwala asanu ndi mmodzi. Mmodzi anandifunsa kuti, anamwino, gogo ameneyo alibe ana?"

"Gunver, ndimafuna..."

"Ndikudziwa chimene mumafuna, achimwene. Chilumba chonse chikudziwa chimene mumafuna, chifikireni. Amene sitikudziwa chimene amafuna ndi Bambo, poti palibe amawafunsa."

Sitima itabwerera pachilumba, awiriwo analunjika kunyumba.

Anawapeza mkuluyo ali pampando pomwepo, dzuwa litapendeka. Anali atavala jekete lawo la ntchito. Anadzikoka okha mpaka pa chitseko kukalitenga, n'kulivala ndi dzanja limodzi, mabatani atalowa m'mabowo olakwika, phewa lakumanja likulendewera. Limoti inali pansi. Pagalasi panali tsamba loyera lodzaza ndi zilembo zing'onozing'ono. Gunver anagwada n'kuyamba kukonza mabataniwo limodzilimodzi.

Asger analowa m'kabati muja. Ntchito ya masabata atatu anaigwetsa pa mphindi zinayi. Atatuluka, Chofiira, Makwerero ndi Mabodza zinali m'malo mwake, ndipo anatola limoti n'kuipereka m'dzanja la bambo ake. Chala chinayenda chokha, osafunafuna, mpaka pa Lalanje. Mtsikana wa zanyengo ankanena kuti mawa mphepo ichokera kumpoto chakumadzulo.

"Bambo, ndalakwa," anatero Asger. "Seva yajambula zonse. Mukhoza kuona zingwe zikuchoka. Mukhoza kunena pano, tili tonse. A Ejner abwera, ndiwaitana."

"Ndinene... kwa sitima imene yapita kale?" A Vagn sanachotse maso pa kanema. "Kapena ndimve... nkhalamba ikulirira lalanje ngati mwana?"

"Ndimayesa mukondwa mukaiona mbalame ija. Ndimayesa mumaisowa."

Mkuluyo anatembenuka tsopano, pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mwana wake ndi diso limene linkaonabe kutali. Munalibe mkwiyo m'menemo, ndipo ndicho chinapweteka.

"Mbalame ija anaichotsa... chaka chimene amayi ako anayamba kudwala. M'malo mwake kunabwera nangula. Nangula anawaperekeza kumanda. Kenako nyenyezi. Gunver anabereka pa nyenyezi. Kenako Lalanje." Anapuma, napukuta pakamwa ndi dzanja labwino. "Zonsezo ndinakhalamo, mwanawe. Tsiku ndi tsiku. Iwe kunalibe."

Asger anakhala pansi. Nangula sankamudziwa. Nyenyezi sanaimvepo. Anali ataona ngati chilumba chinagona tulo tsiku limene iye anakwera sitima, n'kudzuka molakwika tsiku limene anatsika. Koma pakati pa masiku awiriwo panali moyo wonse wa anthu, maliro ndi maubatizo, mphepo ya tsiku lililonse, ndipo nkhalamba imene iye ankaiyesa mlonda wa zakale inali itayenda ndi zonsezo mpaka lero. Wotsalira m'mbuyo m'nyumbamo anali mmodzi yekha, ndipo sanali wa panjinga ya olumala.

Lolemba sitima yatsopano inayamba ntchito. Imanyamuka popanda kugunda, ndipo zingwe zake zimamasulidwa ndi makina, moti palibe amafunika kunena kanthu. A Vagn sanayesererenso mawu awiri aja. M'mawa amamwa khofi wawo n'kumvera za mphepo. Asger amakhala pampando winawo, ndipo nthawi zina amafunsa za zaka zimene kunalibe. Tsiku labwino amayankhidwa.

Chimene munthu wasunga m'thumba kwa zaka makumi atatu ndi zinayi chimakhala chamoyo kwa iye yekha. Akachitulutsa kuti athire m'ndiwo za anzake, amadabwa kuona kuti palibe akumva kanthu, ndipo pofuna kuti amve amathira mpaka kuwononga chakudya cha wodwala. Akuluakulu anaziona kalekale zimenezi, n'chifukwa chake anati tsabola wakale sawawa.